Nsalu Yoyera M'bokosi la Amama

Diepsloot, Joni
11 Febuluwale 2024

Anyina Ungweru,

Moni kwa inu, kwa mwana wathu Ungweru ndi kwa amama. Ine kuno ndili moyo, kupatula chifuwa chakale chija chimene chimandiyendera mvula ikagwa. Ndikhulupirira kuti nanunso ku Chiweta mukudzuka bwino, ngakhale kuti masiku ano za kudzuka kwanu ndimamvera kwa anthu ena.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati agogo a ku migodi pamene foni ndili nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa, Nelly. Ndikangoyamba nkhani yeniyeni mumati netiweki yathawa, koma ndikatchula ndalama netiweki ya ku Chiweta imagwira mpaka pansi pa nyanja. Pepala simungalidule. Ndalemba m'Chichewa chanu cha ku Ntchisi kuti musadzanene kuti Chitumbuka chinakuzunguzani mutu. Paulo wa thiransipoti akupatsani kalatayi pamodzi ndi mafuta ophikira, sopo, shuga ndi nsapato za Ungweru.

Zaka zisanu ndili kuno. Anzanga amene tinakwera nawo basi imodzi ena amanga nyumba za malata ku Rumphi boma, wina wagula boti la injini. Ine chilichonse chimene ndagwira chimasungunuka m'manja. Mapepala anga amangobwerera. Za ntchito ya m'galadeni kwa mzungu uja musandifunse pano, ndidzakuuzani zikakhazikika.

Tsopano gwero lake ndalidziwa. Ndikupemphera kwa munthu wa Mulungu, Papa Mtende, Mmalawi mnzathu amene mpingo wake umasonkhana m'shedi yaikulu kuno. Lamulungu lapitali anandiloza pakati pa chikhamu, dzina langa osalidziwa, nati, “Iwe wa kunyanja, kwanu kuli mayi wokalamba. Pansi pa bedi lake pali bokosi lachitsulo, m'bokosimo muli nsalu yoyera yopinda bwino. Moyo wako anaupindira momwemo.” Bokosi la amama ndani salidziwa?

Inu munali musanabwere pabanja pano, koma ine ndikukumbuka. Chaka chimene mkulu wanga Chikumbusko anamira panyanja, amama anadwala vimbuza, matenda a mizimu aja amene amachiritsa ndi ng'oma. Ankavala nsalu yoyera, navina mpaka kugwa, ndipo mpingo unawaimitsa pa mgonero ngakhale malemu adada anali mkulu wa mpingo. Pambuyo pake anati zonse anataya m'nyanja. Zikuoneka kuti nyanja inabweza.

Chimene ndikufuna n'chochepa. Amama akatuluka kukaothera dzuwa pakhonde, mutsegule bokosilo mwakachetechete, muone zimene zilimo, mundiuze. Musaope. Papa akuti Mkhristu salowa m'nkhondo kuti akaone ngati apambana, amalowa atapambana kale, chotsala n'kutola zida za mdani. Mtima wanga sunakhalepo wolimba chonchi.

Ndine mwamuna wanu,
Amock Chirambo


Diepsloot, Joni
9 Malichi 2024

Anyina Ungweru,

Ndili bwino ndipo ndamva kuti malungo a Ungweru atha, Mulungu alemekezeke. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaona kuti sukulu ya ku Ntchisi inakuphunzitsani kuyankha, ngakhale kumva inakusiyani pakhomo.

Ndinati mutsegule mwakachetechete. Inu mwapita kukagwada pamaso pa amama, mwapempha kiyi, mwawauzanso amene wakutumani. Msilikali wotani amene amakagogoda kwa mdani kufunsa kumene amasunga mfuti?

Mukuti m'bokosimo muli bulauzi yoyera yatsopano, siketi yakuda, duku loyera, ndi baji ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, yobaya pachifuwa pa bulauziyo. Mukuti ndi yunifolomu imene adada anawagulira chaka chomwe anamwalira, ndipo amama akuisunga kuti adzaikidwe nayo m'manda monga amaikidwira amayi a Umanyano onse mumpingo mwanu. Mukutinso yakale ija anakupatsani inu miyendo itayamba kuwakanika kukwera kutchalitchi, choncho ina alibe. Zonsezi mwalemba ngati mwandigwira pabodza. Koma dzifunseni, kodi Papa ananama? Bokosi lilipo, nsalu yoyera ilimo, yopinda bwino.

Mwasekanso kuti akanaloza munthu aliyense wa kumpoto akanapeza bokosi ndi nsalu yoyera pansi pa bedi la amake. Sekani, mano ndi anu. Ndinakawauza Papa za yunifolomu ija, iwo anangogwedeza mutu nati Satana akafuna kukhalitsa pakhomo savala zakuda, amavala za tchalitchi. Anatinso munthu wamoyo wosunga zovala za m'manda pansi pa bedi waitanira manda m'nyumba, ndipo mwana wake sangayende patsogolo. Ine mawu amenewa andilowa mpaka m'mafupa.

Mundimvetse, amama sindikuwada, anandibereka. Ndikudziwa kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, n'chifukwa chake sindikunena kuti wina awakhudze kapena awatulutse m'nyumba. Ndikunena nsalu basi. Itentheni, zonse zitatu, phulusa mukataye kutali ndi nyanja. Ndikayamba kupeza bwino ndidzawagulira zovala zodzaza bokosi limenelo mpaka chivundikiro kukana kutseka.

Ndalama imene ndatumiza ndi yochepa, mugawe pa fizi ya Ungweru ndi mankhwala a miyendo ya amama. Za malata a kukhitchini zidikire. Mukafuna kundilembera mupatse Paulo m'manja, chifukwa chipinda chija ndachokamo. Pano ndikugona ku shedi ya mpingo ndi abale ena, n'pabwino, pafupi ndi mapemphero.

Ndine,
Amock


Diepsloot, Joni
6 Epulo 2024

Nelly,

Moni. Ndili bwino. Ndaonda pang'ono chifukwa cha kusala kudya, osati chifukwa cha zimene Paulo akukuuzani. Munthu wa thiransipoti amanyamula katundu ndi mabodza pa mtengo umodzi.

Mwatenga kalata yanga, ya mwamuna kwa mkazi wake, mwakaiyala pa tebulo la abusa. Anandiimbira foni ndi mawu awo ozizira aja, akuti Mkhristu sayenera kuopa nsalu, akuti amama anabwezeredwa pa mgonero ine ndisanamere ndevu ndipo chichokere apo sanaphonye. Ndinawafunsa kuti chiyambire ubusa wawo anatulutsapo ziwanda zingati. Anati akandipempherera. Ndinawauza kuti mapemphero awo asungire odwala chimfine, kuno tili pa nkhondo.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mwandiika pa mbalambanda pamaso pa anthu amene anandibatiza, tsopano Chiweta yense akuti Amock wapenga ku Joni. Kwanu ku Ntchisi mwamuna amakhala chikamwini, amayenda chowerama pakhomo pa eni ake. Kwathu si choncho. Inu munabwera pa mudzi wa a Chirambo, ndipo njerwa za nyumba imene mukugonamo ndinaumba ndine. Pakhomo panga simungandiuze chimene chikhale pansi pa bedi.

Mukuti munawalonjeza amama kuti tsiku lawo likadzafika mudzawasambitsa ndi kuwaveka ndi manja anu. Nanga ine simunandilonjeze kanthu m'tchalitchi momwemo? Mwasankha kutumikira tsiku la maliro la munthu amene akudya bwinobwino, mwamuna wanu akufa ali moyo kuno.

Sabata yatha kunali chipwirikiti, anyamata a kuno ankayenda khomo ndi khomo kufunsa alendo mapepala. Ine sanandipeze. Amene anampeza ndi mnzanga wa ku Karonga, koma zimenezo si za m'kalata. Ndinali m'shedi, titatseka zitseko, tikuimba, ndipo palibe amene anagogoda. Mukuti mafuta amene Papa amatidzoza ndi mafuta ophikira, nanga anatseka maso a anyamata aja ndani?

Usipa wa mwezi uno musagulitsire a minibasi pamsewu ndi mtengo wachifundo, dikirani ogula a ku Mzuzu. Matandala aja oyanikapo nsomba akugwa, pezani munthu adule nsungwi. Msuweni wanga Stanley wa ku Njakwa akadutsa mumulandire bwino. Masiku ano amatsogolera gulu la mapemphero, ndipo timalankhulana kawirikawiri.

Za nsalu ndanena kokwanira. Mwezi uno ukatha zili momwemo, musadzati sindinakupatseni mpata.

Amock


Diepsloot, Joni
18 Meyi 2024

Anyina Ungweru,

Moni m'dzina la Iye amene sagonja. Ine ndili bwino koposa, chifuwa chatha, ndipo ndikudya ngati mnyamata. Za inu ndamva kuti thupi lili bwino, chovuta ndi pakamwa.

Inde, ndinamutuma ndine Stanley, ndipo tsiku ndinasankha ndine, podziwa kuti mukhala muli ku Umanyano. Simufunika kufufuza. Zonse ndinaziona pa foni, Stanley atayatsa vidiyo, ine ndi Papa titaima pamodzi kutsogolo kwa mpingo. Anatulutsa bokosi, anaphwanya loko, anaunjika nsalu kuseri kwa matandala, nathira palafini. Papa ankalamula moto kuchokera kuno, anthu a Stanley akuvomera kumeneko. Bulauzi ija inachedwa kugwira, ndipo Papa anati muone mmene mzimu ukukanira. Itagwira, shedi yonse inaimirira. Ndinalira, Nelly.

Mukuti anthu akuluakulu anachitira nkhanza nkhalamba yosatha kuyenda. Palibe anawakhudza, ndinalamula zimenezo ndipo ndinaona ndi maso. Anakhala pa mphasa pakhonde, manja ali pamiyendo. Sanakuwe, sanatukwane. Papa akuti munthu wosalakwa akanakuwa. Moto utazima anangoti, “Yewo chomene,” kuthokoza ngati awapatsa madzi akumwa. Kenaka anapempha ndodo yawo, nakwawa mpaka pa phulusa, nayamba kutakasa. Apo Stanley anazimitsa foni. Chimene ankafuna m'phulusamo sindikuchidziwa, ndipo mukachiona mutaye.

Tsopano imvani zimene Mulungu wachita. Sabata isanathe ndinapeza ntchito yolondera pa malo otsukira magalimoto. Zaka zonsezi khomo lotseka, nsalu kupsa, khomo kutseguka. Ndinaima pamaso pa mpingo kupereka umboni, ndipo anthu anandinyamula m'mwamba. Mapepala nawo akubwera, Papa awaona m'masomphenya ali ndi chidindo. Uzani abusa anu kuti awerengere okha zigoli.

Chimene chandinyansa n'choti munamuthamangitsa Stanley ndi nsungwi ya thandala, yunifolomu ili m'thupi, mpaka pamsewu pamaso pa ogulitsa nsomba. Kenaka munakamunenera kwa apolisi a pa rodibuloko. Mlandu umenewo mukauchotse. Stanley ndi magazi anga, ndipo anagwira ntchito imene inali yanu.

M'kalata mwanu, mutatha kunditukwana, mwaika mzere umodzi pansi kuti amama sakudya. Adya. Munthu akamasulidwa thupi limayamba lafooka. Ndatumiza bulangete lolemera la kuno, tiyi, shuga ndi mkaka wa ufa, zonse n'zawo. Muwauze kuti mwana wawo wawamenyera nkhondo, tsiku lina adzandithokoza. Nsalu yoyera ina isalowenso m'chipinda mwawo.

Wanu wopambana mwa Ambuye,
Amock


Diepsloot, Joni
13 Julayi 2024

Nelly,

Moni. Kuno kwazizira kwambiri, madzi akuuma m'ndowa, ndipo chifuwa chabwerera. Ndikhulupirira Ungweru ali bwino, popeza za iye simunenanso.

Paulo wandibweretsera bulangete langa lomwe, lili m'pulasitiki yake, ndi shuga wosatsegula. Anandipatsa pamaso pa anthu, akuseka. Katundu kuyenda ulendo wonse wa ku Malawi n'kubwerera ngati munthu wopanda mapepala. Mukuti amama ndi amene analamula. Ine ndikuti nkhalamba singamange katundu yokha, chingwe chija ndi mfundo zanu, ndazizindikira. Bulangetelo ndikufunda ndine, musadandaule kuti latayika.

Mukuti munafuna kukagula nsalu ku Rumphi boma kuti telala asoke bulauzi ina, ngakhale ndinaletsa, koma amama anakana. Akuti ija inali ya m'manja mwa adada, ina siingakhale ija, ndipo Mulungu adzawazindikira ngakhale apite atavala chitenje. Mwandilemberanso mawu awo m'Chitumbuka chanu chopunduka, kuti ndiwamve bwino: “Yesu wali kutonda kale. Amock wakutimbana na njani?” Ndawamva. Akuti Yesu anagonjetsa kale, nanga ine ndikumenyana ndi ndani. Muwauze kuti ulaliki umenewo ndi womwe ndikuwauza ine, kusiyana kwake n'koti ine ndimauchita.

Ntchito ya ulonda ija yaima pang'ono, mwini malo anabweretsa m'bale wake. Mapepala sanatuluke. Musathamangire kuseka. Papa akuti guwa limodzi linagwa koma khomo lina lolowera mdani likadali lotseguka, ndipo khomolo ndi munthu wovala zoyera amene amagona m'nyumba mwanga. Sanatchule dzina. Anandiuza kuti ndibzale mbewu ina ya ndalama kuti aone bwino nkhope yake. Ndinagulitsa jekete. Inu mukudziwa amene amavala zoyera pakhomopo, ine sindinena zambiri, koma mudzifunse chifukwa chimene mumatsutsira chilichonse chimene chingandipulumutse.

Tsiku lija munaika foni pakhutu pa amama ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinawapatsa moni, ndinawauza za kuzizira, ndinawakumbutsa za Chikumbusko. Sanayankhe. Ndinkangomva kupuma kwawo ndi nkhuku panja, mpaka mayunitsi anatha. Ngati munawauza kuti akhale chete, Mulungu akuoneni.

Mukuti akuchepa thupi tsiku ndi tsiku ndipo kuchipatala akana. Pezani galimoto muwanyamule, asafunsidwe. Ndatumiza kangachepe, kakwanire mafuta a galimotoyo. Kodi amama amavala saizi yanji masiku ano? Ndikungofunsa.

Amock


Diepsloot, Joni
24 Ogasiti 2024

Nelly,

Sindikufunsani za moyo, ndinakuonani pa vidiyo mukuyenda ndi miyendo yanu. Ine ndilipo.

Mwaika amama osandidikira. Ndikudziwa kuti ine sindikanabwera, phasipoti yanga inatha kale ndipo ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa, ndalama ya basi nayonso panalibe. Koma katundu wanga mukanamudikira. Ndinakuuzani pa foni kuti ali m'njira. Ndinayenda Joni yense kufunafuna bulauzi yoyera ya manja aatali, siketi yakuda ndi duku. Saizi simunandiyankhe, ndinangoyerekeza mmene anaonekera tsiku limene ankanditsanzika pa siteji ya Chiweta. Katunduyo ndinapatsa Paulo amama akadali moyo. Galimoto yake inagwidwa pa boda, si ine ndinaigwira. Mukuti maliro a kunyanja sadikira chifukwa cha kutentha. Masiku ochepa okha akanakuphani?

Musandiuze za madzi otayika, mwambi umenewo ndikuudziwa.

Vidiyo ananditumizira ndi munthu wina, osati inu. Ndinaona bokosi la maliro atalitsegula kuti anthu aone nkhope. Amama anali m'zoyera, duku lomangidwa bwino, bulauzi yosita. Ndinaganiza kuti mwina Paulo wafika. Nditayang'anitsitsa ndinaona kolala yosokedwa pakona ndi ulusi wosiyana, ndipo ndinaizindikira. Ndi yakale ija, imene anavala ine ndikukula, imene anakupatsani inu. Munavula yanu n'kuwaveka.

Kenaka ndinaona amayi a Umanyano atandanda m'zoyera zawo kuperekeza bokosi, akuimba. Inu munali kumbuyo kwenikweni, m'chitenje ndi malaya a kumunda, pamodzi ndi anthu wamba. Mpongozi wa malemu, membala wa Umanyano, kuyenda kumchira ngati wodzangoonerera. Munthu aliyense pamaliropo anaona, ndipo aliyense anadziwa chifukwa chake popanda wolalikira. Mukanandimenya ndi nsungwi ija ngati Stanley zikanapepuka. Mwandiyalutsa pa mudzi wa adada osatsegula pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti simunachitire ine, chimenecho n'chimene chikundipweteka kwambiri.

Stanley sanafike pamaliro, ndipo foni yanga sakuyankha. Akuuza anthu ku Njakwa kuti iye anangotumidwa. Papa akuti imfa ya amama ndi chizindikiro choti nkhondo yafika pachimake, mdani wataya mkulu wa asilikali. Ananena pa maikolofoni, anthu anaombera m'manja. Ine ndinali pa benchi lachiwiri.

Mbuzi ziwiri zija musagulitse, a Chirambo adzazifuna pa mwambo wotsiriza maliro. Ungweru asagone m'chipinda cha agogo ake yekha. Mundiuze ngati ananditchula dzina asanatsirizike. Musakometse, munene momwe zinalili.

Amock


Kya Sand, Joni
5 Okutobala 2024

Nelly,

Moni kwa iwe ndi Ungweru. Ndili bwino pang'ono, kwayamba kufunda. Adiresi yasintha, Paulo akudziwa kumene ndili. Ndi kachisakasa ka malata, tikugona anthu angapo, ndipo masana ndimagwira ganyu yonyamula njerwa.

Envelopu yako ndinalandira. Ndinaigwedeza kufuna kalata, munalibe, munagwa kachitsulo kakuda kokulunga m'kansalu. Ndinachita kufunsa Paulo, ndiye anandiuza uthenga umene unampatsa pakamwa: kuti ndi baji ya Umanyano imene inali pa bulauzi yopsa ija, kuti ndiyo amama ankafuna m'phulusa, kuti anaisunga m'mfundo ya chitenje mpaka tsiku lomaliza, ndipo anati ipite kwa Amock. Ndiye kuti dzina ananditchula. Ukanatha kulemba mzere umodzi, koma ndaona kuti inki ya ku Chiweta imatuluka pa matukwano pokha.

Ndinalakwitsa kuionetsa m'bale wina wa m'shedi, ndipo Lamulungu Papa anandiitana kutsogolo. Anati khomo lotsala lija lapezeka, mdani watumiza chida chake mpaka m'nyumba ya Mulungu. Anabweretsa mbaula ya makala, nati ndiponyemo ndekha kuti mpingo uone chigonjetso. Anthu anayamba kuimba. Ndinaitulutsa m'thumba, ndinatambasula dzanja. Ndinawafunsa kuti, “Papa, chinthu ichi chinapsa kale, tikuchiotcheranji kachiwiri?” Anati mzimu ndi wouma mutu. Ndinati, “Nanga ngati tinapambana mu Meyi, bwanji tikuopa kachitsulo kosakwana chikhatho cha mwana?” Anati amene akulankhula si ine, ndi amama. Ndinati ngati ndi amama, aloleni alankhule, chifukwa pa foni anandikana.

Anyamata a pakhomo ananditulutsa mondinyamula, anthu omwe aja anandinyamula tsiku la umboni. Chikwama changa anachiponya pamsewu. Papa analengeza kuti chaka chino sindichimaliza. Ndakhala ndikudikira kuti ndiope, koma mantha sakubwera, ndipo ndikugona tulo kuposa mmene ndinkagonera m'shedi.

Usaganize kuti wapambana iwe, kapena abusa ako. Za kalata yanga imene unakaiyala pa tebulo lawo sindinaiwale, ndipo za nsungwi tidzakambirana ndikadzabwera. Usandilemberenso kuti wandikhululukira kapena sunandikhululukire, sindinapemphe. Funso la amama lija, loti ndikumenyana ndi ndani, ndimadzuka nalo ndi kugona nalo. Yankho ndikadzalipeza si iwe ndidzayambe kukuuza.

Paulo akuti katundu uja anafika maliro atapita kale, ndipo unamuika pansi pa bedi osamasula. Mutulutse. Chiyambire Ogasiti sunapite ku Umanyano chifukwa ulibe chovala, Chiweta yense akudziwa. Bulauziyo ndinagulira amama mmene analili kale, ikukulira, upite nayo kwa telala. Ukaikana chifukwa yachokera kwa ine, ukhale ukudziwa kuti bulangete ndinalilandira, koma iyi ikabwerera ndidzaitumizanso.

Baji ndinaitsuka ndi phulusa ndi mankhwala otsukira mano. Utoto unapita ndi moto, pini inapindika, koma kamtanda kali pakati kakuoneka bwinobwino. Ndikudziwa kuti malo ake ndi pa bulauzi, ndipo abusa adzanena kuti mwamuna saisunga. Anene. Imeneyi sinditumiza, amama anapatsa ine.

Ndine mwamuna wako,
Amock